Kachitini kopita nako kuphiri: konzani nokha zodzipulumutsira zinthu zikavuta kuthengo

Anthu a mu Blantyre timakwera mapiri kuposa momwe timaganizira. Ena amapita ku Soche kapena ku Bangwe kukasala kudya ndi kuchezera kupemphera, Akatolika amakwera Njira ya Mtanda ku Michiru, achinyamata Loweruka ali m'magulumagulu pa phiri la Ndirande, ndipo amene m'thumba mwayankhako amakwera minibasi ku Limbe ulendo wa ku Mulanje kukayesa Sapitwa. Ambiri amanyamula foni, botolo la madzi ndi kajuzi kopyapyala, basi. Mukawafunsa chomwe akuopa kumeneko atchula afisi, njoka, enanso mizimu. Koma m'mapiri athu chimene chimagwetsa munthu msanga ndi kunyowa, kuzizidwa, ndi kuchedwa kupezeka akasochera.

Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutanthauza kuti pamwambapo pamazizira ndi madigiri pafupifupi 13 kuposa ku Chichiri, tisanawerengere mphepo. Ndiye pali chiperoni, nkhungu ya mawawa ija imabwera kuchokera ku Mozambique pakati pa Meyi ndi Ogasiti, imene imatha kutseka njira munthu ukuona. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anakwera Sapitwa yekha anapezeka atafa ndi kuzizidwa. Sanagwidwe ndi chilombo ayi.

Choncho zipangizo zomwe tikonze pano zili ndi ntchito imodzi: kukusungani ofunda, osatha madzi m'thupi, ndiponso osavuta kupeza kwa usiku umodzi kapena uwiri. Pafupifupi zonse zili kale m'nyumba mwanu, zotsalazo mukazipeza mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande.

Chitini ndi pogona

Yambani ndi chitini chokhala ndi chivindikiro, chonga cha mkaka waufa, cholowa madzi pafupifupi lita imodzi. Boolani tiziboo tiwiri moyang'anizana kukamwa kwake ndi msomali, mulowetsemo waya wokhuthala kuti chikhale ndi chogwirira. Ngati mulibe zida, amisiri osula mbaula ndi ndowa ku Ndirande akuchitirani muli chiimire. Wiritsanimo madzi kamodzi kunyumba n'kuwataya. Chitini chimenechi ndiye mphika wanu, kapu yanu, komanso mosungira tinthu ting'onoting'ono tonse.

Chachiwiri ndi pepala la pulasitiki lokhuthala, lija amayala padenga asanafolere udzu. Gulani lotalika mamita 3, mulifupi mamita 2. Majumbo opyapyala asiyeni, amang'ambika ndi kamphepo koyamba. Pepalali musaliboole kuti mumangepo chingwe, chifukwa pachiboo ndi pomwe limayambira kung'ambika. Tengani kamwala kosalala, mukaike pakona, mukakute ndi pepalalo, kenako mumange chingwe kunsi kwa kamwalako. Mfundo yotere imagwira ngakhale mphepo ikukoka. Chingwe chake ndi cha nayiloni choyanikira zovala, mamita 10 akwana.

Pomanga chisakasa, kokani chingwe pakati pa mitengo iwiri pamsinkhu wa m'chiuno, yalani pepala pamwamba pake, mbali yochokera mphepo muitsitse mpaka pansi ndi kuipsinja ndi miyala. Anthu amakonda kumanga chachitali choti aziimiriramo, koma chachifupi ndicho chimasunga kutentha. Kumtunda kwa Mulanje kumene kuli miyala ndi udzu wokhawokha, khalani kuseri kwa mwala waukulu n'kudzikulunga pepalalo, nkhope ili kunja. Musadziphimbe kumutu ndi pulasitiki, ndipo musasonkhe moto m'chisakasa chotsekedwa mbali zonse. Utsi wake umapha monga momwe mbaula imaphera anthu m'nyumba yotseka mazenera mu Juni.

Chimene ambiri amaiwala ndi pansi. Nthaka ndi mwala zimayamwa kutentha kwa thupi msanga. Nyamulani thumba limodzi la makilogalamu 50, la chimanga kapena la shuga. La feteleza ngati ndi lomwe lilipo, lichapeni kaye bwinobwino. Mukafika pofunika kugona, lidzazeni ndi udzu wouma kapena masamba mpaka litafufuma, mukhalepo kapena kugonapo. Thumba lomwelo limasanduka chikwama: ikani timiyala m'makona awiri a pansi, mangani chingwe pa timiyalato, muchipititse kukamwa kwa thumba, mwapeza malamba obelekera kumsana.

Pa zovala, kaunjika ndi mnzanu. Funani juzi yaubweya kapena ya fulisi, chipewa chofunda kumutu ndi masokosi okhuthala, muziike m'jumbo yomanga bwino, zisatuluke mpaka mutasiya kuyenda. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimachedwa kuuma ndipo zimakuzizirani pathupi usiku wonse.

Moto

Apa ndiye tikhalitsepo, chifukwa kuyatsa moto pakhonde masana ndi kuyatsa moto m'chiperoni manja akunjenjemera ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Machesi muwateteze ku madzi ndi kandulo. Dulani makandulo awiri, muwaike m'kachitini, kachitiniko mukakhazike mumphika wa madzi otentha pambaula. Musasungunule phula pamoto mwachindunji, limagwira moto mosachenjeza, ndipo likayaka musathirepo madzi, ingovindikirani. Likasungunuka, viikani ndodo ya machesi imodziimodzi kuyambira kumutu mpaka pakati, muiike pa nyuzipepala kuti iume. Ndodo 20 zikwana. Pokayatsa, palani phula la kumutu ndi chikhadabo musanakhweche. Machesi athuwa sayaka pamwala kapena pansapato, amafuna mbali yofiirira ya bokosi lawo lomwelo. Dulani mbali zimenezo m'mabokosi awiri, muzikulunge mukapulasitiki pazokha, muziike pamodzi ndi ndodozo m'kabotolo kotsekeka bwino, konga kaja amaperekeramo mapiritsi. Mbali yokhwecherayo ikanyowa, machesi anu ophulawo alibenso ntchito. Onjezani laitala imodzi, ndipo muikulungize tepi yakuda ya amagetsi kangapo, idzakuthandizani kumata pepala likang'ambika.

Kenako choyatsira. Tengani thonje logula kufamase, mulipake Vaseline mpaka litalowerera koma osati kuchita kudontha, muliumbe timibulu. Pogwiritsa ntchito, phwasulani kambulu kamodzi kuti tiulusi touma ta m'kati tionekere, ndito timagwira moto. Kamodzi kamayaka mphindi zingapo, nthawi yokwanira kuumitsa ndi kuyatsa titsatsa. Chinanso chimene sichikhumudwitsa ndi mphira ya chubu chakutha cha njinga, yomwe a kabaza amamangira katundu. Pemphani kwa okonza njinga, mudule tizidutswa kutalika ngati chala. Mphira ilibe nazo ntchito zoti kwanyowa, imayaka basi. Utsi wake ndi woipa, musaukhalire pafupi kapena kuwotchapo chakudya mpaka itatheratu.

Ngati muli ndi nthawi, konzaninso kachitofu. Tengani chitini chakutha cha polishi wa nsapato, muchitsuke. Dulani katoni m'timizere totalika, m'lifupi mwake mofanana ndi kuya kwa chitinicho, mukulunge mozungulirazungulira mpaka mwadzaza, kenako thiranimo phula lotsala lija. Likauma, mwapeza moto woti mukhazikepo chitini chanu cha madzi pa timiyala titatu, ngakhale nkhuni zonse zili chinyowere. Pozimitsa ingovindikirani. Siyani chizizire musanachigwire, phula losungunuka limawotcha koopsa.

Kuthengoko, musayatse kanthu musanasonkhanitse nkhuni za mitundu itatu: titsatsa topyapyala todzaza manja awiri, timitengo tonenepa ngati chala, ndi nkhuni zenizeni. Kukagwa mvula musatole zapansi. Thyolani nthambi zouma zomwe zikadali pamtengo, ndipo zokulirapo muzing'ambe ndi mpeni, m'kati mwake mumakhala mouma. Yalani timitengo pansi kuti choyatsira chisakhudze dothi lonyowa, tchingani mphepo ndi thupi lanu, yatsani, ndipo muziwonjezera titsatsa pang'onopang'ono. Anthu ambiri amaupha okha moto pouunjikira nkhuni zikuluzikulu usanakole.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma gwaa, ndipo moto wolusa watha nkhalango zambiri kuno. Lambulani malo ozungulira, ndipo pochoka thirani madzi kapena dothi mpaka mutatha kugwira phulusalo ndi dzanja. Ku Mulanje musadule mkungudza, mtengo wa dziko lathu uja watsala pang'ono kutheratu.

Madzi

Nyamulani malita 2 kuchokera kunyumba m'botolo loonekera m'kati. Akatha, madzi a mumtsinje musawakhulupirire chifukwa choti ndi oyera m'maso. Mapiri ozungulira mzinda uno ali ndi minda, nyumba ndi anthu odzithandiza kutchire kumtunda kwake, ndipo tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023.

Pindani chitenje chochapa bwino kanayi, musefere madziwo m'chitini, muwawiritse. Akayamba kubwadamuka asiyeni mphindi imodzi. Pamwamba pa Mulanje, pomwe mwadutsa mamita 2,000, madzi amawira asanatenthe kwambiri, choncho asiyeni mphindi zitatu. Mwina munaonapo sefa ija yopangidwa ndi botolo la Sobo lodulidwa kunsi, m'kati muli nsalu, makala osinja, mchenga ndi timiyala. Imayeretsa madzi amatope ndithu, koma siipha tizilombo, ndipo ine sindiona chifukwa chosenzera mchenga kukwera nawo phiri pomwe chitenje chikugwira ntchito yomweyo. Madzi osefedwa mwanjira iliyonse amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira mankhwala.

WaterGuard ndi wabwino moto ukakanika, koma samalani muyezo. Wolembedwa pabotolo ndi wa ndowa ya malita 20, ndiye kuti botolo la malita 2 likufuna gawo limodzi mwa magawo 10 a muyezo umenewo. Yezeranitu kunyumba, ndipo mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Njira yomaliza ndi dzuwa: madzi osefedwa, m'botolo la pulasitiki loonekera m'kati losapitirira malita 2, muligoneke padzuwa lowala maola 6. Kukakhala mitambo pamafunika masiku awiri, ndiye m'nyengo ya chiperoni musaidalire.

Kuti akupezeni

Wezulo yokha musavutike kupanga, gulani yapulasitiki yonga ya oimbira mpira, muimange pachingwe ndi kuivala m'khosi. Mawu a munthu amasasa pakangopita kanthawi akukuwa, ndipo m'nkhungu kapena pafupi ndi mathithi samveka patali. Imbani katatu motsatizana, mupume, mumvetsere, mubwerezenso. Kulira katatu kumadziwika kuti wina ali pamavuto. Ngati muli ndi ana pagulu, aliyense akhale ndi yake.

CD yakale imene ikungokhala m'kabati ndi kalilole wabwino woitanira anthu kukakhala dzuwa. Kulozetsa kwake kumafuna kuphunzira. Igwireni pafupi ndi diso, muziyang'ana kudzera pachiboo cha pakati. Tambasulani dzanja linalo, zala ziwiri zitatakasuka, ndipo chomwe mukufuna kuti chikuoneni, kaya ndi mudzi, galimoto kapena anthu ali kutsidya, chikhale pakati pa zalazo. Pendeketsani CD mpaka kuwala kwa dzuwa kugwere pa zala zanu, kenako muziigwedeza pang'onopang'ono kuti kuwalako kuzithwanima. Yesani pakhomo polozetsa pakhoma la kutali, osati m'maso mwa oyendetsa galimoto.

Chitenje chomwe munyamule chikhale chowala, chofiira kapena chachikasu, choti mukachiyala pamwala chioneke patali. Masana utsi umaoneka kuposa moto: masamba aawisi amatulutsa woyera, mphira imatulutsa wakuda. Usiku ndi ntchito ya tochi, ndipo ikhale tochi yeniyeni, osati ya pafoni. Tembenuzani batire limodzi poisunga kuti isadziyatse m'chikwama.

Foni ikhale m'jumbo, m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, chifukwa batire limatha msanga likazizidwa. Kumene netiweki ikuvuta foni imadya moto poifunafuna, choncho izimitseni, muziyatsa mwa apo ndi apo muli pamalo okwera. Uthenga wa SMS umadutsa pomwe kuimba kwakanika. Lembani mwachidule: muli angati, munadzera njira iti, chomaliza chimene munachizindikira ndi chiyani, wavulala ndani. Kafoni ka mabatani kamene mwana amasewera nako kunyumba kaja n'kothandiza kuno kuposa yamakono. Manambala ofunika alembeninso papepala.

Za kampasi ya singano, ndinene pang'ono poti anthu amaikonda. Khwechani singano pa maginito ya sipika yakale ya wailesi, mbali imodzi yokhayokha kambirimbiri, muiyandamitse patsamba m'madzi odekha kutali ndi chitsulo, ndipo idzaloza mzere wa kumpoto ndi kummwera. Yezeranitu kunyumba kuti mudziwe nsonga yoloza kumpoto. Zimagwira, koma kudziwa kumpoto sikukuuzani kumene kuli phompho.

Mankhwala ndi kamba

Dulani chitenje chakale timizere, muwiritse, muyanike, musite, musunge m'jumbo yoyera, amenewo ndi mabandeji. Onjezani pulasitala, Panado, lezala yatsopano, singano ndi ulusi, ndi mapaketi awiri a Thanzi ORS. Akakutherani, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a BP, a shuga kapena a mphumu, tengani a masiku awiri owonjezera. Magazi akamatuluka kwambiri, psinjani pabalapo ndi nsalu mwamphamvu osasuzumira.

Njoka ikaluma, musatemere, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mphiri makamaka imatupitsa kwambiri, ndipo kumanga kumangowonjezera kuwonongeka kwa mwendo. Vulani mphete, wotchi kapena nsapato kusanatupe, mangirirani mwendowo kundodo yowongoka kuti usagwedezeke, ndipo wolumidwayo anyamulidwe kupita kuchipatala, kuno kwathu ku Queens kapena chilichonse chapafupi. Machira mupanga ndi mitengo iwiri yolowetsedwa m'matumba awiri obooledwa m'makona. Njoka yolavula ikathira munthu malovu m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali.

Kuzizidwa kumabwera mwakachetechete. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosaleka, kudzandira, kukoka lilime polankhula, kukanika kumanga zingwe za nsapato kapena kungofuna kugona, imani pomwepo. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumukhazike pathumba la udzu, mumufunditse kumutu ndi pachifuwa, wina akhale momukhudza. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi ofunda a shuga. Kachasu kapena mowa wina uliwonse ayi ndithu: amamva ngati wafunda pomwe thupi likutaya kutentha. Musamutikitenso manja ndi miyendo.

Chakudya sichivuta. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, kabotolo ka chiponde, shuga ndi masamba a tiyi. Chimenechi sichokadya panjira, ndi chapadera chodikira tsiku loipa. Opita kukasala kudya, nanunso nyamulani shuga ndi mtedza, mukhoza kubwera nazo osazikhudza. Bowa wa kuthengo musiyeni, njala ya usiku umodzi siipha munthu koma bowa wolakwika amapha.

Kulongedza ndi kuyesa

Machesi, thonje, mphira, kachitofu, mankhwala ndi shuga zilowe m'chitini, chitinicho muchikulunge ndi pepala lija n'kumanga ndi chingwe. Koma wezulo, laitala ndi kampeni zikhale pathupi panu. Chikwama chimatha kugubuduka kuphompho, kutengedwa ndi madzi, kapena kupita ndi mnzanu amene anakunyamulirani pokwera.

Musanapite nazo kulikonse, dikirani tsiku la mawawa, mutuluke kuseri kwa nyumba madzulo. Mangani chisakasa, yatsani moto ndi nkhuni zonyowa, wiritsani madzi m'chitini. Anansi aseka, asiyeni. Pamenepo ndi pomwe mudziwe kuti chingwe chafupika, waya wa chitini akuwotcha zala, kapena phula la pamachesi lakhuthala kwambiri.

Patsiku la ulendo siyani kapepala kunyumba: phiri liti, njira iti, muli ndi ndani, mubwera nthawi yanji, ndipo ikakwana nthawi yakuti musanafike ayambe kufunsa kwa ndani. Ku Mulanje lembetsani ku ofesi ya zankhalango, monga ya ku Likhubula, ndipo mutenge wolondolera njira wovomerezeka. Funsani za nyumba zogonamo za pamwambapo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, kuti mudziwe yapafupi ndi njira yanu. Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, pofika 6 kwada bii. Ikani nthawi yobwerera musanayambe kukwera, ndipo ikakwana tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

Mukazindikira kuti mwasochera, khalani pansi, imwani madzi, valani juzi. Ngati njira yomwe munadzera ikuoneka bwino, bwererani nayo. Ngati kuli nkhungu kapena kwatsala ola limodzi kuti kude, musayendenso, yambani kumanga pogona kukadaoneka. Pali malangizo amene amati tsatirani mtsinje ukufikitsani kwa anthu. Kuchigwa mwina, koma ku Mulanje mitsinje imatsika kudzera m'mathithi ndi m'miyala yoterera, ndipo mukatsetsereka pamwala umodzi simungathenso kukwera kubwerera. Musagone m'khwawa ngakhale louma, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula ikagwa kumtunda madzi amafika ndi miyala yomwe, monga anachitira napolo ku Phalombe mu 1991, ndi momwe matope anatsikira kuchokera m'phiri la Soche kulowa ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sankhani malo okwererapo, kuseri kwa mphepo, pomwe chitenje chanu chingaoneke.

Mukabwerako, tsegulani chitini, muyanike pepala, mubwezere chilichonse chomwe mwagwiritsa ntchito. Chiponde ndi mtedza zisinthidwe zisanayambe fungo, onani masiku a mankhwala ndi a WaterGuard, ndipo machesi ophula muziyesa ndodo imodzi nyengo ya mvula ikamayamba ndi ikamatha. Chitinicho muchisunge pamalo amodzi odziwika, koma potalikira ana ndi amene amafuna machesi magetsi akazima.